Ndinaloza Masano ndi Chala

Ndinalota ndili kumanda akale a kwathu, ine amene mudzi wonse umandifunsa zamakedzana. Malemu malume anga anali atakhala pamphika wobooka, akusenda chinangwa. Nthaka inkandiwotcha kumapazi ngati phulusa lamoto.

"Malume, mkamwini wanga wandifunsa pagulu chifukwa chimene manda timawatchulira kuti masano. Ndiuzeni, ndingachite manyazi."

Atati ayankhe, ine ndi phuma langali ndinaloza mitumbira ndi chala.

"Imvi zonsezo, sudziwa kuti kuno saloza?" Anandifulatira, chala changa n'kuuma gwa ngati chikuni.

Ndinakuwa mpaka kudzidzimuka. Kaya anakwiyadi, kaya nawonso sadziwa. Mkamwiniyo akubwera mawa kudzamva yankho, ndipo chibadwire changa mawu akuti "sindikudziwa" sanatulukepo pakamwa panga.