Dontho la Magazi pa Diresi la Ukwati

"Agogo, ngati timakapisozi timeneti ndi chakudya, bwanji mumameza ndi madzi ngati mankhwala?"

Anafunsa choncho mdzukulu wa mayi telala, akuyang'ana mabotolo atatu amene anali pambali pa makina osokera. Agogo ake anangoseka. "Iwe, pakamwa ngati wailesi. Kasewere uko."

Mayiwa ankadwala nyamakazi ya m'mawondo. M'mawa mawondo ankauma gwa, ndipo kupalasa makina kunali kowawa. Koma makinawo ndiwo ankadyetsa banja. Mwana wawo wamkazi, powamvera chisoni, anawagulira mabotolowo: la mafuta a nsomba, la ufa wa muzu wachikasu, ndi lina la gulukosamini, limene wogulitsa anati limakonza mafupa. "Awa si mankhwala," anatero wogulitsayo, "ndi chakudya chowonjezera basi."

Mayi telala analinso pa mankhwala a kuchipatala oletsa magazi kuundana, chifukwa cha vuto la mtima. Atawafunsa kuchipatala ngati akumwa mankhwala ena, anayankha kuti ayi. Sananame. Mumtima mwawo, zija zinali chakudya.

Tsiku lina akusoka mikanda pa diresi la ukwati la kasitomala, singano inawabaya chala. Kubayidwa sikunali kwachilendo kwa iwo. Anayamwa chalacho n'kupitiriza. Koma magazi sanasiye. Anamanga kansalu, kansaluko kanafiira, ndipo dontho linagwera pa diresi loyeralo.

"Aneba! Tabwerani kuno!" anafuula.

Mnansi wawo, namwino, anali kuyanika zovala panja. Atalowa, mayi telala anamuonetsa diresi. "Taonani! Mkwatibwi ndimuuza chiyani?"

"Diresi siyani kaye, amayi. Dzanja m'mwamba, finyani apa." Namwinoyo anawapinda malaya ndipo anaona mabala akuda pamkono. "Mwamenyana ndi ndani?"

"Ndi mawondo awa ndingamenye munthu ine? Amangotuluka okha."

"Nanga potsuka mano?"

"Timagazi pang'ono."

Namwino anatola mabotolo aja, nawerenga limodzilimodzi. Nkhope yake inasintha. "Adokotala akudziwa za izi?"

"Aa, chakudya chomwe ndikawauze? Mawa ndidzawauzanso za nthochi?"

"Nthochi idyani. Koma zina mwa izi zikakumana ndi mankhwala anu a mtima, magazi amavuta kuundana. Lero ndi chala. Bwanji akanakhala akutuluka m'mimba kapena m'mutu, mmene sitiona?"

Mayi telala anafunsa motsitsa mawu, "Ndikasiya, mawondo akauma, makinawa apalasa ndani?"

"Tiyeni tikafunse limodzi. Mabotolo onse mu chikwama."

Kuchipatala anawayeza magazi, ndipo anapezadi kuti akuchedwa kwambiri kuundana. Dokotala sanawakalipire. Anawauza kuti asiye mabotolo aja, nasintha mlingo wa mankhwala a mtima, nawapatsa tsiku lobweranso. Anafotokoza kuti ena amati makapisozi otere amawachepetsera ululu, ena saona kusintha, koma sabwezeretsa bondo limene laperepeseka. Chimene chimathandiza ambiri ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu, kuyenda tsiku ndi tsiku, kuchepetsako thupi ngati lakula, ndi kusakhala pampando nthawi yaitali. Anawaphunzitsa kuwongola mwendo ali pampando, nawalembera mankhwala a ululu osalimbana ndi a mtima.

Mwana wawo atamva, analira. "Ndikanakuphani, amayi."

"Unagula ndi chikondi," anatero mayi ake. "Cholakwa n'chakuti sitinafunse. Anafunsa ndi mwana wakoyu, ine n'kumuthamangitsa."

Dontho lija linachoka ndi madzi ozizira, ndipo mkwatibwi anavala diresi lake. Patapita milungu, mabala a pamkono anazimirira. Mawondo sanachire, poti nyamakazi siichoka, koma ululu unachepa ndipo makina anapitiriza kulira.

Phunziro lake ndi ili: chilichonse chimene mukumeza kuti chikuchizeni, kaya achitcha chakudya kaya chachilengedwe, auzeni a chipatala musanayambe, makamaka ngati muli pa mankhwala ena.

M'mawa wina namwino anagogoda pawindo. "Amayi, nsapato! Tikayende."

"Mudzatopa nane, aneba. Ine ndimayenda ngati bakha."

"Sinditopa. M'mawa uliwonse ndikapanda kupita ku ntchito, ndigogoda pano."

"Mukagogoda, nditsegula," anatero mayi telala, akumanga zingwe za nsapato. "Ndipo botolo lililonse lolowa m'nyumba muno, liyamba lakaonekera kuchipatala lisanatsegulidwe."