Kajampa ka Alamu

Alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, ndi munthu wodziwa zonse, ngakhale zimene sanazimvepo. Timagwira ntchito m'chipinda chimodzi, yoyesa makadi a makompyuta asanapite kwa ogula. Mkulu wa chipindacho atapuma ntchito, abwana anati mpandowo autenga mmodzi mwa ife awiri. Ndinkaufuna koopsa, ndisaname.

Ntchito yake ndi iyi. Kadi yoyesedwa timaibaya pa kadi ina yotalikitsa, kuti ituluke kunja kwa bokosi, manja azifika. Pa yotalikitsayo pali kajampa, kapulasitiki kakuda kolumikiza mapini awiri. Ukafuna kudziwa magetsi amene kadi ikukoka, umazula kajampako n'kulumikiza mita pa mapiniwo. Ukakasiya, magetsi amadzera chidule, mita n'kumangolawa.

Lachiwiri ndinasuzumira pa tebulo la alamu. Kajampa kali phee pamalo pake! Mita ikuonetsa tinambala tonyozeka, iwo akudinda kadi iliyonse kuti ili bwino, uku akuimba mluzu.

"Alamu, tabwerani muphunzire," anandiitana. "Makadi akafika m'manja mwanga sadya magetsi. Anu aja ndi adyera ngati eni ake."

"Ee, inu ndiye muli ndi dzanja," ndinatero, mtima ukuvina. Ndinasoka pakamwa kudikira Lachisanu, tsiku limene abwana amayendera matebulo.

Lachisanu alamu anabwera atamanga tayi. Abwana ataima pambali pawo, iwo anayamba kudzichemerera, chala chili pa mita. Ine ndinangotambasula dzanja, n'kuzula kajampa kaja ndi kapani. Nambala inalumpha mpaka kupitirira malire ololedwa. Alamu kukamwa yasa!

Abwana anayang'ana mita, kenako anayang'ana ine.

"Mayi, kameneka munakaona liti?"

Matama anandigulitsa. "Lachiwiri, bwana. Kungoponya diso kamodzi basi."

"Lachiwiri? Ndiye makatoni onse atuluka pakhomo apa masiku atatuwa, inu mumawaona akupita?"

Ndinayesa kuseka, koma ndinaseka ndekha.

"Awa alakwitsa osadziwa, ndiwaphunzitsa lero lomwe," anatero abwana. "Koma inu mumadziwa."

Zinandiwawa, abale, mpaka lero zimandiwawa. Lolemba ndinawapeza alamu atakhala pa mpando uja, akuzungulira nawo uku ndi uku, n'kundifunsa mwaulemu kwambiri chimene chandichedwetsa ndi mphindi zitatu.