Waya wa Denga la Apongozi

Mphepo ija inayamba dzuwa litangopendeka. Poyamba inkangoseweretsa zovala pachingwe, kenako nkhuku zinathawira pansi pa ngolo, fumbi linaphimba phiri, ndipo mvula inabwera chopingasa ngati pali munthu wokwiya amene akuiponya. Wokhoma madenga wa m'mudzimo, amene aliyense ankangomuti Amisiri, anali pakhonde kukokera matabwa ake mkati pamene anamva chiphokoso cha malata, chotalika, ngati galimoto ikugubuduzika m'phedi.

"Bambo ake," anatero mkazi wawo atagwira pamtima, "kumeneko ndi kwa amayi!"

Amisiri sanafunse kuti wadziwa bwanji. Miyendo yawo inali itadziwa kale.

Anathamanga m'matope, mkazi patsogolo, iwo pambuyo. Nyumba ya apongozi inali itaima bwinobwino, koma yopanda chipewa. Denga lonse, malata ndi mitanda yomwe, linali litakagona chagada m'munda wa nyemba, lathunthu, osathothoka ngakhale msomali umodzi. Apongoziwo anawapeza pansi pa tebulo, atakumbatira wailesi, magazi akuyenderera pachipumi pomwe panagwera chidutswa cha njerwa. Matumba a chimanga anali akumwa madzi. Mabulangete ankayandama.

Mvula itadukiza anthu anasonkhana. Anamwino opuma ntchito anabwera ndi kachikwama kawo n'kuyamba kutsuka balalo. Mlamu wa Amisiri, mchimwene wa mkazi wawo, munthu wosatha kukhala chete ngakhale pamavuto, anazungulira denga lija manja ali kumbuyo.

"Alamu, bwanji simunatiuze kuti mumakhomanso ndege? Tikanakwera, tikaone abale kutsidya."

Anthu anaseka. Amisiri anayesa kuseka nawo koma mano okha ndiwo anaoneka.

Paja m'dera lonselo ankadziwika ndi chinthu chimodzi: waya. Sankalola kukhoma lata ngakhale limodzi waya asanadutse pansi pa mizere isanu ya njerwa n'kukwera kukamanga mtanda, kuti mphepo ikafuna kunyamula denga inyamulenso khoma. Akapeza nyumba ya mmisiri wina, ankaima pamsewu n'kumapukusa mutu mpaka mwini nyumba atuluke. Ambiri anawakwiyitsa nako kulalikira kumeneko.

Koma nyumba ya apongozi inawavuta. Womanga khoma anaiwala kusiya mawaya, ndiye panafunika kuboola njerwa ndi tchizulo, bowo ndi bowo, kuzungulira nyumba yonse. Tsikulo kunali kotentha, msana unkawawa, ndipo kwina kunali ntchito ikudikira. Amisiri anadula timawaya tifupitifupi, anatikulunga pamitanda, mapeto ake n'kuwalowetsa m'pulasitala kuti wongoyang'ana aziti amangidwa. Mumtima anati abweranso Loweruka. Loweruka lija linatha zaka ziwiri.

Tsopano timawaya tija tinali pamtetete, tikugwedezeka m'munda wa nyemba, nsonga zake zosalala, zoonekeratu kuti zinadulidwa ndi chitsulo, sizinaduke ndi mphepo ayi. Anthu sanatione. Maso awo anali kumwamba.

"Mphepo yotere sindinaionepo chibadwire," anatero mkulu wina woweta ng'ombe. "Ngati lauluka lokhoma Amisiri, ndiye latsala liti?"

"Zoonadi," ena anavomera. "Apa palibe wolakwa."

Mawuwo anawakomera Amisiri ngati madzi ozizira. Anatsetserekera kuseri kwa dengalo ngati akuona zowonongeka, anagwada, n'kuyamba kumasula kawaya koyamba ndi zala. Kanawabaya. Anakaponya m'thumba la buluku. Kachiwiri. Kachitatu. Atakweza maso anapeza apongozi, atakhala pampando pakhomo, nsalu yoyera pachipumi, akuwayang'ana. Apongoziwo anangotembenuzira nkhope kumbali, monga amachitira munthu akakumana ndi wina akusamba.



Ndi pamene anamwino aja anatseka kachikwama kawo n'kunena mokweza. "Denga langanso anakhoma ndi iwowa. Ine m'nyumba muja sindigonamonso. Ndisamutsa zidzukulu, tikakhale m'kakhitchini ka udzu mpaka nyengoyi ithe."

"Kakhitchini kanu kopendekeka kaja?" anatero mlamu. "Kaja kamagwa ndi chifuwa cha mbuzi."

"Nanga nditani?"

"Miyala," anatero woweta ng'ombe. "Tonse tisanjike miyala ikuluikulu pamalata. Za mawayazi taziona lero mapeto ake."

Amisiri ankadziwa chimene mwala umachita mphepo ikaugwedeza pamwamba pa malata, pansi pali anthu. Ankadziwanso kuti denga la anamwino analimanga ndi manja awo, waya ndi waya, ndipo silikanasuntha. Anaimirira. Mawondo anali matope okhaokha. Mawu awo oyamba sanamveke.

"Mwati bwanji, alamu?" anafunsa mlamu uja.

"Ndati musasamuke, mayi. Lanu ndi lomanga. Onse amene ndinakukhomerani, anu ndi omanga." Anapisa m'thumba, anatulutsa timawaya tija n'kutambasula dzanja. "Ili lokha ndi limene sindinamange. Ndinangonamizira."

Madzi ankamveka akudontha m'masamba a nthochi. Woweta ng'ombe anatola kawaya kamodzi, anakayeza ndi chala chake, kanali kosapitirira chikhatho, n'kukabwezera m'dzanja la mwini wake mosamala ngati dzira.

"Kwa amayi anga?" anatero mkazi wawo. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwinoko. "Nyumba zonsezi, bambo ake, n'kusankha ya amayi anga?"

Amisiri anayang'ana pansi. Kenako anayenda mpaka pakhomo, anavula chipewa, anagwada m'matope momwemo.

"Amayi, ndinakulakwirani."

Apongozi anakhala kanthawi akupukuta wailesi yawo ndi nsonga ya nsalu.

"Tsiku lija ndinamva nyundo pamalata pokha," anatero. "Pakhoma sindinaimve. Ndinati kaya, mwina ntchito zamasiku ano zilibe phokoso. Ndikanafunsa, koma munthu ungafunse bwanji mkamwini wotchuka?" Anakhudza pachipumi. "Dzukani, bambo, mukunyowetsa buluku. Mitambo iyo ikubweranso."

Sanati ndakukhululukirani, ndipo Amisiri sanayembekeze kumva zimenezo.

Anatuma uthenga kunyumba, zida zinabwera. Amuna anagwirizana zonyamula dengalo mawa, lero angokoka lona pamwamba pa chipinda chimodzi, ndipo akazi anayamba kutulutsa matumba onyowa. Palibe amene analankhula ndi Amisiri. Anthu ankangowalambalala ngati chitsa. Amisiri anaimika makwerero pakhoma, anawerenga mizere ya njerwa kuchokera pamwamba, anaika tchizulo pansi pa wachisanu. Makwererowo ankaterera m'matope. Asanatsike kuti awakonze, anamva akhazikika. Atasuzumira pansi anaona mlamu wawo atawagwira ndi manja awiri, nkhope atayang'ana kwina.

"Boolani," anatero mlamuyo. "Ndipo mumenye mwamphamvu, amayi amve."