Kanaini ka Amalume Fawzi

Ine ndinasiya ntchito yabwino kukampani ya magalimoto, ntchito ya muofesi yofunda, kuti ndipange pulogalamu yangayanga ya makina olipirira m'masitolo. Mayi anga analira ngati kwagwa maliro. Patatha chaka ndi theka ndinali ndi makasitomala atatu basi: wophika buledi, wogulitsa nyama, ndi mayi wina wosoka madiresi a ukwati amene makinawo anawasandutsa poika maluwa. Ndinali nditadziuza kuti Malichi akandipeza ndili chonchi, ndibwerera kukapempha ntchito yanga ija mutu uli pansi. Apa n'kuti ili Febuluwale.

Amalume Fawzi, mlongo wawo wa mayi anga, ndi amene anandimvera chisoni, kapena tinene kuti anatopa ndi mafoni a mchemwali wawo. Ali ndi malo omwetsera mafuta mumsewu wa Warren kuno ku Dearborn, ndipo ndi wapampando wa gulu la eni malo otere okwana makumi atatu, onse akwathu ku Lebanon ndi ena a ku Yemen. Anandiuza kuti ndiike pulogalamuyo pamalo pawo, ikayenda bwino masabata awiri adzandiimika pamaso pa gulu lonse pa chakudya chawo cha Loweruka. Anthu makumi atatu, abale inu. Ndikanapezapo khumi okha ndikanagona tulo.

Tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndendende, kuli malo a a Talal. Awiriwa anachokera mudzi umodzi, anakwera ndege imodzi, anayamba bizinesi limodzi, kenako anakangana pa nkhani yoti dzina la ndani likhale patsogolo pachikwangwani. Papita zaka makumi awiri ndi ziwiri osapatsana moni. Kuukwati amawakhazika kumapeto awiri a holo. Koma m'mawa uliwonse amalume amaima pawindo ndi kakapu kawo ka khofi wowawa n'kuyang'ana mtengo wa a Talal, a Talal nawonso chimodzimodzi, ndipo wina akakweza mnzake amatsatira dzuwa lisanafike pamutu. Zaka zonsezi mitengo yawo sinasiyanepo.

Lolemba ndinalumikiza zonse, mapampu asanu ndi atatu ndi chikwangwani chatsopano chamagetsi chimene amalume anagula kuti a Talal apse mtima. Petulo anali pa 3.29 ndi kanaini kaja kakang'ono kamene kamakhala pamwamba kumapeto. Ndinabadwira kuno ine, kanaini kameneka ndakadutsa moyo wanga wonse, koma sindinakaganizirepo n'kamodzi komwe. Senti imodzi kuidula pakhumi n'kutengapo magawo naini, ndalama imene palibe munthu anaigwirapo m'manja. Pulogalamu yanga inkadziwa madola ndi masenti okha, poti buledi ndi nyama ya nkhosa sizifuna zoposa apo. Nditalemba 3.299, iyo mwaulemu wake inadzazitsa senti ija, chikwangwani n'kuyaka 3.30 ndi kaziro pamwamba. Ine osaona, ndinanyamula chikwama n'kumapita ndikuimba nyimbo.

Ndisanafike n'komwe pamaloboti achitatu foni inalira. Amalume sanapereke moni.

"Iwe Hanadi, bwerera udzaone maliro amene wandisiyira."

Ndinawapeza ali panja opanda jekete, m'chisanu chonse chija, akuloza m'mwamba. Ndinayesa kuwauza kuti kusiyana kwake ndi kagawo kamodzi ka senti, kuti munthu wodzaza thanki yonse apulumutsa masenti awiri akapita kwa a Talal. Ndili mkati molankhula, bambo wina wa chigalimoto chachikulu analowa pamalopo, anasuzumira chikwangwani, anazungulira mapampu onse osaima n'kudula msewu wonse wa mizere isanu ndi umodzi kupita tsidya lija. Mafuta amene anawotcha pozungulirapo anaposa masenti awiriwo, koma nkhope yake inali ya munthu amene wapeza mwayi.

"Wasukulu iwe, wamuona?" anatero amalume. "Munthu sawerenga senti, amawerenga twente naini ndi sate. Ine ndagulitsa mafuta usanabadwe."

Ndinachita manyazi, komanso ndinapsa mtima chifukwa ankanena zoona. Iwo anandiuza kuti ndilembe 3.29, n'kutumiza wantchito kukamata katoni paziro paja, atalembapo naini ndi cholembera chakuda. Chikwangwani cha madola zikwi khumi ndi zinayi, chovala katoni ya ndudu. A Talal anatuluka panja ndi mpando kudzachionerera bwino.

Anthu amaganiza kuti kuwonjezera nambala imodzi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mayi anga anandifunsa chifukwa chimene sindikungoilembapo. Koma ndalama inali paliponse m'pulogalamu ija, pamsonkho, palisiti, pobweza chenji, ndipo paliponse ndinali nditailumbiritsa kuti senti sidulidwa. Zinali ngati kusomola diresi lonse kuti ukuze thumba limodzi. Ndinayenera kuiphunzitsa kusunga tizigawo tija mpaka magaloni onse atawerengedwa, n'kudzadzazitsa senti kamodzi kokha pamapeto. Masiku atatu ndinadya buledi wozizira wa zaatar, wowaza zokometsera zakwathu, ndili pakompyuta. Pakati pake ndinalakwitsa, wogulitsa nyama uja n'kundiimbira kufunsa chifukwa chimene mwendo wa nkhosa wayamba kugulitsidwa ngati dizilo.

Lachinayi m'mawa zonse zinatheka. Katoni inachotsedwa, kanaini kofiira kanayaka, amalume anandipsompsona pamphumi. Pamenepo ndikanangotseka pakamwa n'kumapita. Koma munthu ukavutikira chinthu umafuna akuyamikire chonse, ndiye ndinawaonetsa kuti sindinangoika naini yekha ayi, malo amenewo akhoza kulandira nambala iliyonse, kuyambira ziro mpaka naini.

Amalume anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Iliyonse? Ngakhale eyiti?"

Ndinati inde. Ndinachita kunyadira poyankhapo, chitsiru ine.

Chikwangwani cha a Talal ndi chakale, cha manambala opachika ndi ndodo yaitali, ndipo kanaini kawo ndi kopenta pachitsulo kuyambira kalekale. Sikachoka. Amalume ankadziwa zimenezi kuposa tsiku lobadwa la mkazi wawo. Atalemba 3.298, a Talal analibe njira yowapitirira pansi ndi kagawo kamodzi, anayenera kutsitsa senti yathunthu. Anatuluka ndi ndodo yawo ija n'kupachika 3.28 ndi kanaini kawo. Amalume anadikira mpaka mnzawo atalowa m'nyumba ndi kuvula magolovesi, kenako anadina batani limodzi, 3.288. A Talal anavalanso magolovesi.

Tsiku limenelo anatuluka kasanu ndi kawiri. Amalume ankaseka mpaka kutsokomola, akuti zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akudikira tsiku loti Talal athamange iwo atakhala pansi. Pofika Lachiwiri la sabata yotsatira mtengo unali utatsika kupitirira umene iwo amagulira kwa obweretsa mafuta. Mafoni a anthu anayamba kulengeza kuti petulo wotchipa m'dera lonse ali pa Warren, ndipo kunabwera magalimoto ochokera kutali kumene ena a ife sitinafikeko. Mzere unatseka khomo la ophika buledi, unatseka la dokotala wa mano, apolisi anachita kubwera kudzalondolera magalimoto. Galoni iliyonse imene inkatuluka m'pampu inkawadya amalume, koma iwo ankangoona magalimoto n'kumati bizinesi sinayendepo chonchi.

Walira mvula walira matope. Eni malo ena aja mapampu awo anali atauma makasitomala, ndipo sanavutike kufunafuna woyambitsa. Sanaimbire amalume, poti wapampando sakalipiridwa. Anaimbira mayi anga. Ena anatuma akazi awo kudzamwa tiyi kwathu n'kumanena mozungulira kuti mwana wamkazi wa a Srour, kunena ine, wapanga makina openga, opatsa nkhalamba mpeni. Lachisanu mlembi wa gulu ananditumizira uthenga waulemu kwambiri woti pa chakudya cha mawa mipando yachepa. Ndinakhala m'galimoto yanga n'kulira, kenako ndinatsegula foni kuyang'ana nambala ya bwana wanga wakale.

Loweruka m'mawa ndinapita kukawachonderera amalume komaliza. Kunali kutagwa chipale chofewa, pansi pali poterera, mphepo ikuchita kuluma makutu. Ndinawauza kuti akundiphera tsogolo langa chifukwa cha kagawo ka senti. Anandiyankha kuti ndine mwana, nkhani za amuna akuluakulu sindingazimve, ndipo anandipatsa baklava, kakeke kotsekemera kakwathu, kuti nditonthole.

Tili pawindo pomwepo tinaona a Talal akutuluka, koma ulendo uno analibe ndodo. Ankakoka makwerero aatali, dzanja lina atanyamula chitini cha penti ndi burashi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, bondo lake lachitsulo. Anaimika makwerero pachikwangwani n'kuyamba kukwera kuti akafufute kanaini kaja apentepo seveni.

Amalume anaseka, anamenya pakauntala, anaitana wantchito kuti adzaone. A Talal anafika sitepe yachisanu, yachisanu ndi chimodzi. Mphepo inawomba, mwendo umodzi wa makwerero unatsetsereka pang'ono pamadzi oundana aja. Nditacheuka kuti ndione nkhope ya amalume ndinapeza pali kapu yokha.

Sindinadziwe kuti munthu wa mimba ngati ija angathamange choncho. Anadutsa mizere isanu ndi umodzi atavala masilipasi, magalimoto akuimba mahutala, silipasi imodzi n'kutsala pakati pa msewu. Ine ndinawatsatira. Ndinawapeza atakumbatira makwerero ndi manja onse, akupuma ngati ng'ombe.

"Tsika, nkhalamba yopanda nzeru iwe! Ukufuna ufere pakhomo panga kuti anthu azinena ine?"

"Pano ndi pakhomo panga," anatero a Talal ali m'mwamba. "Siya makwerero anga."

"Ndikasiya ugwa."

"Nanga nditani, Fawzi? Kanaini kako kamayenda, kanga n'kopenta."

Anatsika ndithu, pang'onopang'ono, penti itawadonthera pansapato. Atafika pansi anayang'ana phazi la amalume lopanda silipasi, kenako anandiyang'ana ine n'kufunsa ngati ndine mwana wa Wafaa wopanga makina uja. Nditavomera anapukusa mutu. Anati kanthu kamodzi ndikadziwe. Iwo m'mawa uliwonse amayang'ana tsidya lija, akaona mtengo wofanana ndi wawo amadziwa kuti Fawzi wadzuka. Lolemba lija ataona ziro, anati mtima unawagunda, poti Fawzi wamoyo sangaike ziro pachikwangwani. Anaganiza kuti wamwalira ndipo ana ake agulitsa kale malowo kwa alendo. Anakhala mphindi zingapo foni ili m'manja, osadziwa woti amufunse, mpaka anamuona atatuluka panja akukalipira mtsikana.

"Mpando uja sindinatulutsire chikwangwani, ndinkafuna kumuona bwino iyeyo," anatero.

Amalume anayang'ana kumbali, anamina, n'kunena kuti akadzamwalira adzabwera okha kudzamuuza, asamamvere zikwangwani. Kenako anatembenukira kwa ine ngati zonsezi ndinazipanga ndekha.

"Iwe, kanaini kaja ukakhomere. Kasasunthenso, ngakhale ine nditakupempha."

Ntchito ya masiku atatu ija ndinaitseka polemba mizere iwiri yokha m'pulogalamu, m'mphindi khumi, nditaimirira pakauntala. Masana amenewo mitengo yonse iwiri inakwera limodzi, mzere wa magalimoto unabalalika, anthu akutukwana.

Madzulo amalume ananditenga kuchakudya kuja, mipando yochepayo iwo analibe nayo ntchito. Ndinali nditakonza zoti ndinene za msonkho, za malisiti, za momwe pulogalamu yanga imawerengera molondola kuposa ya makampani akuluakulu. Sanandipatse mpata. Anaimirira, anagogoda tambula ndi supuni, n'kuuza gulu kuti makina a mwana wa mlongo wawo ali ndi ubwino umodzi umene ena onse alibe, kanaini kake n'kokhoma, ngakhale mwini wake atapenga sangakasinthe. Anati iwo ayesa okha ndipo ndi mboni. Anthu anayang'anana, anayang'ana amalume, n'kuyamba kugwedeza mitu. Woyamba kukweza dzanja anali a Talal, kumapeto kwa tebulo, ndipo anati asaina pokhapokha ndilembe papepala kuti makina a Fawzi ndi okhomanso. Analembetsa anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za masiku anga atatu aja, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Lolemba ndinapita m'mamawa kukaona ngati zonse zili bwino. Ndinkaganiza kuti mwina ndipeza akuluakulu awiriwo akumwera khofi pamodzi, koma ayi ndithu, aliyense anali pawindo lake. A Talal anatuluka ndi ndodo yawo, anapachika 3.31 pafupi ndi kanaini kawo kopenta, n'kubwerera m'nyumba osayang'ana n'komwe kuno. Amalume anandikankha pang'ono, analemba 3.31, kanaini kanadziyakira kokha.

"Yadzuka nkhalamba ija," anatero, n'kumwa khofi wawo.