Nkhunda Ziwiri za pa Patapata

1.
Phaa! Chidindo chatera pa khadi. Ababa achinyamula, ndipo papepala patsala nkhunda ziwiri zoyang'anana, mizere yakuda yokhayokha. Ine burashi ili kale m'manja.
Dikira iume, Mwandida.
Ndikudikira, ababa.

2.
Ababa anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu, kudinda makalata a anthu, ndipo mpaka lero amatama dzanja lawo kuti silinaphonyepo. Chidindo cha nkhundachi anasema ndi malemu amayi, pa patapata, ndi lezala. Makhadiwa ndi oitanira anthu ku ukwati wanga. Ababa amadinda, ine ndimapaka utoto, masana aliwonse ndikaweruka. Mwambo wa ukwati ukatha ndikupita ku Karonga, kwawo kwa bwenzi langa Lusekelo. M'nyumba muno ku Luchenza mutsala ababa ndi wailesi yawo.

3.
Za patebulo:
makhadi zana limodzi
kabokosi ka inki yakuda
utoto wa ana a sukulu, wofiira wotsala pang'ono
tiyi wadzulo m'sosala
thonje
burashi yothothoka ubweya
mbatata yootcha, ya ababa, osakhudza.

4.
Amayi, ine ndili Sitandade 3, atagwira dzanja langa: uziyamba ndi utoto wowala mwana wanga, wakuda umabwera pambuyo chifukwa ukalowa sutulukanso, mapikowa uwapake tiyi kawiri koma kachiwiriko m'munsi mokha kuti nkhunda ioneke kuti imadya, burashi uyambe waikhudzika pathonje isamachite kudontha ngati mphuno ya mwana wachimfine, mlomo kadontho kamodzi kofiira basi, ndipo pachifuwa apa usiyepo poyera osapaka kanthu, iwe vuto lako umafuna kudzaza paliponse ngati ukuzira nyumba

5.
Dikira iume.
Mpaka liti?
Ola limodzi. Inki ya masiku ano ndi yaulesi.
Ola lathunthu! Ine mtima uli m'mwamba, masiku akutha, atelala akundidikira. Iwo phee, akusenda mbatata. Kenaka ayamba: za makalata a ku Joni amene ankanunkhira sopo, za agogo ena amene anabwera kudzatumiza nkhuku yamoyo ku Salima. Nkhani ya nkhukuyo ndaimva kambirimbiri. Ndimasekabe, ndipo zimandinyansa kuti ndimasekabe.

6.
Lachiwiri nkhunda imodzi yatuluka ndi milomo iwiri. Lachitatu makhadi asanu apakika inki ngati nkhundazo zagwa m'matope. Kudula mapepala ena. Kudindanso. Kudikiranso.
Ababa, dzanjalo bwanji?
Tebulo ili likugwedera.
Ndinaligwedeza. Tebulo limenelo silinagwederepo chibadwire changa.

7.
Achimwene awo a ababa anayambanso choncho. Supuni kugwa, kapu kugwa, kenaka mbali yonse ya kumanja inafa.
Mantha.
Lachinayi ndinawayang'anitsitsa akudinda. Dzanja linatsika bwinobwino, ndiye litafika papepala linachita ngati laterereka. Ndinapaka tiyi pamapiko a nkhunda yopindika khosi, misozi ili m'maso, ndipo ababa anandifunsa ngati ndadya tsabola.

8.
Kuseri kwa khitchini, dzuwa likupendeka, foni kukhutu.
Lusekelo, tiuimitse kaye ukwatiwu.
Wati chiyani?
Dzanja la ababa layamba kunjenjemera. Akagwa m'nyumba muno adzawadzutsa ndani? Karonga si pafupi.
Lusekelo ndi munthu wabwino, sanakalipe. Anangoti, mpaka liti?
Sindikudziwa.
Nditadula foni ndi pamene ndinazindikira kuti zenera la kuchipinda kwa ababa linali lotsegula, ndipo wailesi sinkalira.

9.
M'mawa mwake, Lachisanu. Pabalaza palibe popondapo. Makhadi pamphasa, makhadi pamipando, makhadi pamwamba pa kabati, onse makumi anayi amene anatsala, nkhunda iliyonse ndi mlomo umodzi, mizere yowongoka bwino. Ababa akhala patebulo atavala tayi ya ku positi, chala chili bii ndi inki. Atambasula dzanja patsogolo panga, aikapo kapu yodzaza tiyi. Osatayika ngakhale dontho.
Muimbirenso mnyamata uja, mayi. Kenaka upake.
Yauma?
Kalekale.

10.
Mayi a Mwandida, ndine mwamuna wanu Likongwe. Izi ndikuuza inu nokha, poti inu simungandiulule.
Dzanja langa lilibe vuto. Ndinkapotoza dala, pang'ono chabe, chidindo chikafika papepala. Khadi limodzi likaonongeka, mwana ankakhala nane masana ena. Za ola limodzi zija ndi bodzanso. Inki imeneyi imauma munthu usanamalize kusenda mbatata, inu mukudziwa. Koma ndikanamuuza bwanji mwana wamkulu, wa ukwati wake, kuti khala pano ndikuyang'ane? Ndinaona ngati ndikungoba timaola tochepa. Sindinadziwe kuti ndatsala pang'ono kumubera ukwati wonse. Ndinachita manyazi, mayi, manyazi aakulu.
Panopa ali apa, wawerama, lilime lili kunja pang'ono monga munkachitira inu. Wayamba ndi wowala. Tiyi kawiri. Pachifuwa akusiya poyera, simunavutike pachabe.
Wafika pa khadi lomaliza. Wanyowetsa burashi, waikhudzika pathonje.
Ndatsegula pakamwa kuti ndinene kuti dikira.
Ndaluma mbatata.