Mpando wa Alendo

Ndipo mayi uja wa ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko akanakhala wamwano bwenzi zilikonso bwino, chifukwa munthu ukanyozedwa umapeza pokwiyira, umatukwana chamumtima njira yonse mpaka mkwiyo womwewo umakufikitsa kunyumba. Koma ayi, mayiyo anamulandira Jonas ndi ulemu wonse, anamupatsa pokhala, anatembenuza masamba a pasipoti yake ya ku Mozambiki mofatsa, kenako n'kumufunsa funso limene linakwera naye minibasi ku Limbe, linapanikizana naye pampando, ndipo tsopano linali litatsika naye pano pamphambano yolowera ku esiteti: "Nanga panopa muli pansi pa ndani, bambo?"

Sanali pansi pa aliyense. Ndiye zimene anapitira ku Blantyre zimenezo, kukanena ndi pakamwa pake kuti safunanso kukhala pansi pa munthu. Kuti fakitale ya tiyi imene inamuitanitsa kuchokera kwawo ku Gurue zaka zambiri zapitazo, poti ndi iye amene ankadziwa matenda a makina ake akale, tsopano yagula makina ongodina ndi chala ndipo yamuthokoza. Kuti iye ali ndi manja ake, makina ake owotcherera zitsulo, ndi khonde la sitolo ina ku boma kumene akufuna azipanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mawilibala. Ankayesa kuti boma limatopa ndi anthu opempha ntchito, ndiye lisangalala kuona munthu wodzilemba yekha. Kupusa kwake kunali pamenepo. Mayi uja anamufotokozera, mosakweza mawu, kuti pemiti imene wakhala nayo zaka zonsezi inali ya ntchito ya ku esiteti, osati ya iye. Ntchito ikafa nayonso imafa, ndipo mwezi uno ukatha iye sadzakhalanso ndi chomukhazika m'dziko muno. Ya bizinesi ndi ina, imafuna munthu wobwera ndi mpamba kuchokera kunja — iye amene anabwera ndi chikwama cha masipanala, amene mphamvu zake zonse zinathera mkati mwa dziko lomweli, akautenga kunja kuti mpambawo?

Anali atanyamuka kale pamene mayiyo anamufunsa za banja. Anayankha kuti mkazi wake Anesi anali wa konkuno, wa ku Thyolo, anamwalira dzinja lapitali, anasiya mwana mmodzi wamkazi, Tayamika. Kalata ya ukwati? Panalibe, unali ukwati wa ankhoswe. Mayiyo ananena kuti sakulonjeza kanthu, koma ayese kupempha zokhala chifukwa cha banja. Abwere ndi mwinimbumba wa kuchikazi adzamuikire umboni kuti iye ndi wa pakhomo pawo ndithu.

Wa pakhomo pawo. Jonas anathokoza, anathokozanso kachiwiri, chifukwa munthu ukasowa chonena umathokoza.

Tsopano ankayenda mumsewu wa dothi wodutsa pakati pa minda ya tiyi, dzuwa litapendeka koma losaoneka, chiperoni atatsika n'kuphimba mapiri onse, kamvula kake kopanda madontho kakumunyowetsa jekete pang'onopang'ono. Anthu kuno amati chiperoni amachokera ku Mozambiki, ndipo Anesi ankakonda kumuseka nazo, akamayanika zovala zosauma, kuti abale ako abweranso, auze apite. Iye ankayankha kuti amenewo sawafunsa pasipoti. Ankaseka onse awiri, ndipo lero anayesa kuseka yekha, koma chimene chinatuluka pakhosi sichinali kuseka, moti anacheuka kuona ngati wina wamva.

Panalibe womva. Othyola tiyi anali kutali kumtunda, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno, mitu yokha ikuyandama pamwamba pa masamba. Mmodzi anawerama mofanana ndi mmene Anesi ankaweramira, phewa lamanzere lotsika, ndipo Jonas anayang'ana kumbali msanga. M'munda ngati womwewu ndi mmene anamuonera koyamba, iye akupita kukakonza pampu kudamu, mlendo wosadziwa Chichewa bwino, n'kumva atsikana akumujeda m'Chilomwe poyesa kuti sakumva — anawayankha m'Chilomwe chomwecho, cha kwawo chenicheni, ndipo onse anathawa kupatula mmodzi amene anaima n'kumufunsa kuti kodi amayi ake sanamuphunzitse kupereka moni asanalowerere nkhani za eni. Kuyambira tsiku limenelo sanadzionenso ngati mlendo. Anamanga nyumba kwawo kwa mkazi monga achitira mkamwini aliyense, anakumba nawo manda, anakonza njinga za mudzi wonse osalipiritsa, ndipo zoti m'kabati ya ku ofesi ya esiteti muli pepala limene limamulola kupuma mpweya wa kuno, iye ankazikumbukira pokhapokha kalaliki akamuitana kuti adzasainire lina.

Ndiye lero akauyambe bwanji mlandu umenewu pamaso pa mlamu wake Lackson, mchimwene wa Anesi, mwinimbumba? Akati chiyani — alamu, bwererani pa mawu anu? Mawuwo anali a ndani? Si iye yemwe anawapempha?

Pakuti Anesi ataikidwa, akuluakulu a pakhomopo ananena kuti wamasiye asayatse moto wa ntchito yatsopano asanasudzulidwe, ndipo kusudzula kudikire anthu akolole, mitima ikhale pansi. Koma ntchito ya ku fakitale inali ikutha, mwini sitolo ku boma ankati pali wina akulifuna khondelo, ndipo Jonas anayamba kutuma mawu, kenako kupita yekha, kawiri, katatu, mpaka kugwada, kuti chonde mundimasule ndiyambe kudzigwirira ntchito, mwanayu adzadya chiyani. Ankatchula mwana. Koma pano, pakati pa tiyi pamene panalibe womunamiza, ankadziwa kuti sichinali chifukwa cha mwana yekha: m'nyumba muja munali mukununkhirabe mafuta a Anesi, chitenje chake chinali pamsomali pomwe anachisiya, ndipo iye ankafuna phokoso la chopalira zitsulo, phokoso lalikulu lotseka makutu, kuti asamve mmene nyumbayo inakhalira zii. Anathawa chete, basi. Walira mvula walira matope.

Ndipo anamusudzula. Anakhala pamphasa, mbumba yonse itazungulira, Lackson n'kunena mawu amene amanenedwa: kuti mlongo wathu munamusunga bwino, tilibe nanu chifukwa, kuyambira lero ndinu mfulu, mukafuna kukwatira kwatirani, mukafuna kupita pitani, zida zanu tengani, nyumba ndi mwana ndi za pano. Azimayi analira pang'ono. Iye anamva kupepuka — inde, asakane, anamva kupepuka — ndipo mawa lake ananyamula makina ake panjinga kupita kukachipinda ka lendi ku boma, akudziuza kuti Tayamika azimuona Loweruka lililonse, kuti akapeza bwino adzamulipirira sukulu yabwino ya kumishoni. M'mwezi umodzi womwewo esiteti inamumasula, akuchikazi anamumasula, ndipo iye ankayenda ngati munthu amene watula katundu, osadziwa kuti katunduyo ndi amene ankamugwira kuti mphepo isamuuluze.

Koma nanga Lackson anavomereranji msanga chotero? Funso limeneli linamupeza pamlatho wa matabwa, ndipo linakana kumusiya. Munthu wodziwa mwambo, mkulu wa mpingo, bwanji sanamukanize, bwanji sanamuuze kuti alamu, dekhani, chisoni chikukuyendetsani? Kapena ankadikira zomwezo. Kapena nyumba ya malata ija, ya njerwa zootcha, ankaiyang'ana kale maliro asanachitike. Si anali iye amene anafunsa tsiku lina, akuseka, kuti kodi mapepala anu aja amatha liti? Anafunsiranji? Munthu safunsa za denga la mnzake ngati sakuyembekeza mvula. Ndipo Lackson yemweyo, amene lero ali ndi chitupa cha unzika m'thumba, agogo ake anachokera kuti? Si mapiri omwewo a ku Gurue, wapansi, khasu paphewa, kudzathyola tiyi yemweyu? Anawafunsa ndani kuti muli pansi pa ndani? Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anafulumira kubwera, iye anachedwa, ndipo anabwera mwaulemu, kudzera pachipata, n'kulembetsa dzina.

Anaima, atadzazidwa ndi mkwiyo umene anausowa m'mawa uja. Unamukomera mkwiyowo, unamufunditsa. Koma sunakhalitse, chifukwa anakumbukira kuti ndi Lackson amene anagona naye pakhonde la chipatala masiku onse a matenda a Anesi, ndi Lackson amene anamugwira mkono kumanda, ndipo pa tsiku losudzula lija mawu a munthuyo ankanjenjemera, anachita kuima pakati kuti ameze malovu. Ndiponso — izi ndiye zinamupweteka koposa — paulendo wachiwiri uja Lackson anamuuzadi kuti alamu, mukuthamangira kuti? Anamuuza. Iye ndi amene sanamve.

Anayambanso kuyenda, pang'onopang'ono tsopano. Kumanzere, kuseri kwa mabulugama, kunali kanjira kopita kumanda, ndipo mapazi ake anafuna kukhotera komweko monga ankachitira, koma munthu sulowa kumanda wekha popanda eni, ndipo iye sanalinso mwini. Akawoloka malire ku Muloza mwezi ukatha, adzabwera ngati woyenda, wa masiku owerengeka, kudzapempha chilolezo choona pamene pagona mkazi wake. Kwawo kumene akumubwezako kulibe amene akumudikira. Amayi ake anapita kale, munda anagawana ena, ndipo Chipwitikizi chake chachita dzimbiri. Nanga Tayamika? Anaganizapo zomutenga, mu minibasi muja anafika mpaka pomuona atakhala naye pawindo, akumulozera mapiri. Koma mwana ndi wa kuchikazi, iye mwini anavomera pamphasa paja, anawomba m'manja. Ndipo ngakhale akanamuba, akanamuchotsa pa anthu ake, pa sukulu yake, pa manda a mayi ake, kuti akamusandutse chimene iye ali lero. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amaiwala msanga. Chaka choyamba adzafunsa, chachiwiri adzangomva kuti bambo ako anali Mmozambiki wina wowotcherera, anapita kwawo. Mlendo ndi mame, adzatero anthu, ndipo palibe amene adzawatsutse.

Anakhala kaye pamwala m'mbali mwa msewu. Thirakitala yonyamula masamba inadutsa, woyendetsa anamuimbira belu n'kukweza dzanja, munthu amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, ndipo Jonas anakweza lake, akumwetulira, mpaka inakhota. Kenako anakonza mawu. Sakapempha kuti amubwezere nyumba. Sakanena za mwambo. Akangoti alamu, ndinalakwitsa kufulumira, tiyeni ku Blantyre mukanene kuti ndine wanu. Koma Lackson sanama, ndi munthu wa Sabata amene sanganene bodza ngakhale la mtengo wa nkhuku. Akakafunsidwa kuti kodi bamboyu ndi wa pakhomo panu, adzayankha chiyani, poti pakamwa pake pomwepo ndi pamene panatuluka mawu akuti ndinu mfulu? Ndipo akakana? Kapena akavomera mwachisoni chabe, monga umaponyera galu wa eni fupa? Jonas sanadziwe chimene ankachiopa kwambiri pa ziwirizi.

Anafika pamudzi utsi utayamba kutuluka m'makhitchini, chiperoni atakhuthala. Nyumba yake — nyumba ija — inali ndi katani wina pawindo. Lackson anali pakhonde la nyumba ya mayi ake aang'ono a Tayamika, kumene mwanayo ankakhala tsopano, akusoka thumba la chimanga, ndipo atamuona anaimirira msanga, nkhope yake yowala ndi chimwemwe chimene Jonas anachifufuza mbali zonse osapezamo chinyengo.

"Alamu! Mvula yonseyi? Fikani, fikani." Kenako anatembenukira kukhomo. "Tayamika, tenga mpando, kwabwera alendo."

Sananene mwachipongwe. Ndi mmene amanenera aliyense, ndi ulemu wake umenewo. Kale Jonas akafika pakhomo pano ankangokhala pachitsa paja, kapena pansi penipeni, n'kuyamba kusenda chinangwa cha eni osapempha, ndipo panalibe amene ankadzuka.

Mwanayo anatuluka atanyamula mpando wachitsulo, umene umakhala kuchipinda kudikira abusa ndi anthu a boma, umene Jonas mwini anauwotcherera mwendo chaka chatha Anesi atamukalipira kuti udzagwetsa mlendo tichite manyazi. Anali atatalika, kapena linali tsitsi limene wina anamuluka mwa mtundu wina. Anauika mpandowo pakhonde mosamala, anaupukuta ndi m'mphepete mwa diresi, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kugwada patali monga anamuphunzitsira, manja pamodzi, maso pansi.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Mawu onse amene anawakonza pamwala paja anali pakamwa, ndipo Lackson ankadikira, dzanja litaloza mpando, akumwetulirabe. Jonas anayang'ana chipsera cha moto wake pamwendo wa mpandowo, cholimba, chosalala, ntchito yabwino yoti sidzathyokanso, ndipo timadontho ta chiperoni tinayamba kudzaza pamene mwanayo anapukuta, iye ali chiimire, osakhoza kukhala, osakhoza kuukana.