Desiki la Luse

Exildah analowa pageti la sukulu atamanga chitenje m'chiuno, akukoka mwana wake Luse amene diso lake linali litatupa mpaka kutsekeka. Mlonda anayesa kumuimitsa, koma anangomukankhira uko.

Pasukulu yabomayi aliyense ankadziwa malo ake. Ana akumayadi ankakhala kutsogolo pamadesiki owagulira makolo awo, a mu komboni ya Kalingalinga kumbuyo pamasaka. Ana a amwenye ndi azungu ndiye sankapondako n'komwe, anali ndi sukulu zawo zamipanda yamagetsi. Luse sankaona bwino pabolodi, mayeso a giredi 7 ali pafupi. Choncho bambo ake, owotcherera zitsulo, anamupangira desiki, Luse n'kukaliika kutsogolo kwenikweni. Dzulo la tsikuli anyamata akumayadi analithyola, ndipo mmodzi wa iwo, Katongo, anamuponda Luse kumaso ndi nsapato.

"Ba Musonda!" Exildah anakuwa ali pakhomo la kalasi. "Onani mwana wanga. Munali kuti?"

Mphunzitsiyo sanasiye n'choko chomwe. "Bamayo, vinthu vili na malo yake. Kutsogolo ni kwa bana bamene makolo bao bathandiza sukulu. Uyu anaputa dala."

"Ndiye kusaona ni kuputa?"

"Enze kununkha malasha, ba ticha," anatero Katongo. Ana akutsogolo anafa nacho chiseko.

Chisekocho n'chimene chinamupweteka Exildah koposa. Desiki lija linali gada pafupi ndi chitseko. Anatola mwendo wake wachitsulo, n'kulunjika kwa mnyamatayo. A Musonda analowa pakati, chitsulo n'kuwatera pamphumi. Anagwa ngati thumba, magazi n'kuyenderera pasimenti. Ana anabalalika, ena kutulukira pamawindo.

Mkwiyo unamuthera pomwepo Exildah, m'malo mwake munalowa mantha. Anagwada, n'kumatseka bala lija ndi chitenje chake.

Apolisi anafika pagalimoto ya bambo ake a Katongo, ndipo Exildah anakwezedwa momwemo. Za diso la Luse palibe anafunsa.

Luse anawatsatira ahedi mpaka pakhomo la ofesi.

"Ba hedi, nanga mayeso yanga?"

"Pano usabwelenso. Uuze batate bako bakusakilile malo kwina."

Kwina kunalibe, sukulu zonse zinali zodzaza. Luse anafika kunyumba n'kupeza khanda la mayi ake likulira kwa aneba, bambo atathamangira kupolisi. Anavula yunifolomu, anaipinda bwinobwino, kenako anatenga mwana uja n'kumubereka.